Malita 40 kuti papezeke imodzi: mmene mabanja amaphikira manyuchi a mapulo

Munthu amene akulawa koyamba madzi otuluka mu mtengo wa mapulo (maple m'Chingelezi) amakhumudwa. Amaoneka ngati madzi akumwa basi, ndipo kutsekemera kwake kumangomveka patalipatali. Shuga amene ali m'madzimo ndi magawo 2 okha pa 100, mtengo ukakhala wabwino magawo 3. Koma manyuchi ofiirira aja, amene anthu a ku Canada ndi ku America amathira pa mapankeki m'mawa, ali ndi shuga magawo 66 pa 100. Ntchito yonse yagona pakati pa manambala awiriwa. Kuti banja lipeze lita imodzi ya manyuchi liyenera kuwiritsa malita pafupifupi 40 a madzi a mtengo, mpaka malita 39 atathawa ngati nthunzi. Sathiramo shuga, sathiramo utoto, sathiramo chokometsera chilichonse.

Kuphikako pakokha n'kosavuta kumva. Chovuta n'choti mtengo supereka madzi nthawi imene munthu akufuna. Umapereka kwa masabata 4 mpaka 6 pachaka, kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka mu Epulo, ndipo ngakhale m'masabata amenewo pamakhala masiku amene sipagwa ndi dontho lomwe. N'chifukwa chake ntchitoyi inakhazikika m'chigawo chimodzi cha dziko lapansi, kumpoto chakum'mawa kwa North America: Quebec, Ontario, New Brunswick ndi Nova Scotia ku Canada, komanso Vermont, New York, Maine ndi madera oyandikana nawo ku America. Quebec yokha imatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 a manyuchi onse a mapulo padziko, ndipo ku America amene amatsogola ndi Vermont. Tsamba lofiira lili pa mbendera ya Canada kuyambira 1965 ndi la mtengo womwewu.

Chimene chimachitika m'kati mwa mtengo ndi chimene chimalamulira china chilichonse, choncho tiyambe ndi chimenecho. M'miyezi yotentha masamba a mapulo amapanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, monga zomera zonse. Masamba asanayoyoke, mtengo umasunga chakudyacho ngati sitachi m'thunthu ndi m'mizu. Chisanu chikafika, sitachi uja amasanduka shuga n'kusungunuka m'madzi a mu mtengo. Mpaka apa palibe chachilendo kwenikweni. Chachilendo chili m'kapangidwe ka thunthu. Pambali pa timitsempha toyendamo madzi pali timaselo tating'onoting'ono tomwe m'mitengo yambiri timakhala todzaza madzi, koma mu mapulo timakhala todzaza mpweya.

Usiku kukazizira mpaka madzi kuundana, mpweya uja umafota, ndipo m'kati mwa timaselo mumayamba kuundana ayezi. Pamene akuundana amakoka madzi kuchokera m'timitsempha, timitsempha nato n'kukoka ena kuchokera kumizu. Tinganene kuti mtengo ukumwa. Kukacha, dzuwa likawomba nthambi, ayezi amasungunuka, mpweya umene unapanikizika umafufuma, ndipo madzi amakankhika kutsika ndi thunthu. Pakakhala bowo, amatulukira pomwepo. Choncho mlimi amafuna zinthu ziwiri zotsutsana pa tsiku limodzi: usiku wa madigiri ngati 5 pansi pa ziro, ndi masana a madigiri ngati 5 pamwamba pa ziro. Kukazizira usana ndi usiku, mtengo umangokhala chete. Kukatentha usana ndi usiku, umadontha tsiku limodzi kapena awiri kenako n'kuuma, chifukwa sunamwenso. Mitengo ya mapulo imamera kumadera ambiri, ngakhale ku Ulaya ndi ku Asia, koma nyengo yosinthasintha chotere, pamalo pamene pali nkhalango zodzaza ndi mtundu wa shuga wambiri wotchedwa Acer saccharum, simapezeka paliponse.

Kwa ife amene timadziwa uchema, kutema mtengo n'kutchera chotengera si nkhani yachilendo, ndipo chinthu chimodzi n'chofanana: madzi a shuga sachedwa kusasa. Kusiyana kwake n'koti wa uchema amafuna kusasako, pamene wa mapulo amalimbana nako. Madzi amene atuluka lero ayenera kupita pamoto lero lomwe kapena mawa. Akagona masiku kunja kukufunda amachita mbuu, ndipo manyuchi ake amatuluka akuda ndi owawasa.

Luso limeneli silinabwere ndi azungu. Anthu a mitundu ya Anishinaabe, Haudenosaunee, Abenaki ndi ena amene anali kale m'nkhalangozi ankatema khungwa la mapulo, n'kutchera zotengera zopangidwa ndi khungwa la mtengo wa birch. Kwa a Ojibwe, amene ndi gulu limodzi la Anishinaabe, nyengo imeneyi ili ndi mwezi wakewake wotchulidwa ndi dzina la ntchito yophika shuga, ndipo mabanja ankasamukira kunkhalango kwa masabata angapo. A Haudenosaunee mpaka pano amachita mwambo wothokoza mtengo wa mapulo. Obwera ochokera ku France ndi ku Britain anaphunzira kwa iwo, n'kuwonjezapo miphika yachitsulo ndi zoboolera. Kwa zaka zambiri cholinga sichinali manyuchi koma shuga wouma, chifukwa ndi amene ankasungika chaka chonse osawonongeka. M'zaka za m'ma 1790, dokotala wa ku Philadelphia Benjamin Rush ndi anzake odana ndi ukapolo ankalimbikitsa anthu kudya shuga wa mapulo m'malo mwa wa nzimbe, amene ankalimidwa ndi akapolo ku zilumba za Caribbean. Thomas Jefferson anagwirizana nazo mpaka kudzala mapulo kumunda wake wa Monticello mu 1791, ngakhale iye mwini anali ndi akapolo ambiri. Mitengoyo sinachite bwino kumeneko. Shuga wa nzimbe atatsika mtengo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, alimi a mapulo anaona kuti sangapikisane naye, ndipo pang'onopang'ono anatembenukira ku manyuchi.

Mtengo subooledwa usanafike msinkhu. Thunthu liyenera kukhala lonenepa masentimita pafupifupi 25 kapena kuposa ukaliyeza modutsa pakati, ndipo kuti mapulo afike pamenepo m'nkhalango pamatha zaka ngati 40. Mabanja ambiri sadzala n'komwe. Amalandira nkhalango kwa makolo awo n'kumaisamalira, kudula mitengo yothithikana kuti yotsalayo itambasule nthambi, popeza mtengo wa masamba ambiri ndi umene umakhala ndi shuga wambiri. Apa m'pamene ntchitoyi imakhaliradi ya banja: amene akuboola chaka chino akudya za chisamaliro cha agogo ake, ndipo mitengo ina yakhala ikubooledwa kwa zaka zoposa 100.

Woboola amayenda pa chipale chofewa atavala nsapato zotambalala kuti asatitimire. Akafika pa mtengo sayamba n'kuboola. Amauzungulira kaye, kuyang'ana zipsera za zaka zam'mbuyo. Bowo lililonse limasiya mzere wa thabwa lakufa m'kati, pamwamba ndi pansi pake, ndipo m'menemo simudzayendanso madzi. Akaboola pafupi kwambiri ndi chipsera sapeza kanthu, ndipo akamaboola mbali imodzi chaka ndi chaka amalemaza mtengo. Akapeza khungwa labwino amaboola masentimita 4 kapena 5, n'kuyang'ana utuchi umene watuluka: ukakhala woyera, thabwa ndi lamoyo, ukakhala wofiirira, walasa pakufa. Kenako amakhomerera kampopi ndi kanyundo kopepuka, akumvetsera kulira kwake. Kakasintha mawu n'kumveka ngati kagunda polimba, amasiya. Akapitiriza, thunthu lozizira limang'aluka, madzi n'kumatayikira pakhungwa nyengo yonse. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito timipopi ta mamilimita 8, tocheperako kuposa takale, kuti bala lipole msanga. Bowo limodzi lokhala ndi ndowa limapereka malita pafupifupi 40 panyengo yonse, kutanthauza lita imodzi ya manyuchi.

Ndowa zachitsulo zokoleka pa mitengo ndi zimene zimaoneka pa zithunzi, ndipo mabanja okhala ndi mitengo yochepa amazigwiritsabe ntchito. Koma kunyamula madzi m'chipale chofika m'mawondo ndi ntchito yothyola msana. Kuyambira cha m'ma 1960 ndi 1970 kunafala timapaipi tapulasitiki tolumikiza mtengo ndi mtengo, totsetserekera ku thanki. Kenako kunabwera mapampu oyamwa mpweya m'timapaipimo, amene amachititsa kuti bowo lomwelo litulutse madzi ochuluka kwambiri. Ntchito sinathe, inangosintha. M'malo monyamula ndowa, munthu amayenda makilomita ambiri m'nkhalango kufunafuna pamene pakulowa mpweya, chifukwa agologolo amatafuna timapaipi, nthambi zimagwera pamwamba pake, ndipo kabowo kamodzi kamafooketsa mzere wonse.

Makina ena amene anasintha zinthu ndi osefa madzi asanapite pamoto. Amakankha madzi a mtengo mwamphamvu pa kansalu kopyapyala kamene madzi amadutsa koma shuga sadutsa, motero magawo atatu mwa anayi a madzi, kapena kuposa, amachoka moto usanayatsidwe. Pali anthu okonda zakudya zopangidwa pamanja amene amanyansidwa nawo makinawa. Ine sindili nawo limodzi. Banja limene linkawotcha mulu waukulu wa nkhuni tsopano likuwotcha kachigawo chabe, ndipo likugona usiku. Chimene ndimavomereza n'choti kukoma kwa manyuchi kumabadwira pamoto. Madzi osefedwa okha alibe fungo la mapulo ngakhale pang'ono. Fungo ndi mtundu zimabwera shuga akamapsa pang'onopang'ono limodzi ndi tizinthu tina ta m'madzimo, ndiye wosefa mopitirira n'kufupikitsa kwambiri nthawi yowiritsa ali ndi funso loyenera kuliyankha ndi lilime lake.

M'kanyumba kophikira muli chiwaya chachitali chogawidwa m'timipata, chokhala pamwamba pa ng'anjo. Madzi aawisi amalowera kumbuyo, n'kumayenda mokhotakhota m'timipatamo akukhuthala, mpaka kufika kutsogolo kumene amatuluka ali manyuchi. Denga limakhala ndi potulukira nthunzi, ndipo munthu ali patali amadziwa kuti banja lakuti likuphika poona mtambo woyera pamwamba pa mitengo. M'chiwayamo madzi amakhala osaya, masentimita ochepa chabe, kuti awire msanga. Ngozi yake ili pomwepo. Wophika akatembenuka kwa mphindi zochepa madzi n'kuphwa, chiwaya chodula chimapserera ndi kupindika. Thovu likakwera kufuna kusefukira, amadonthezamo kadontho ka mafuta, ndipo limatsika nthawi yomweyo. Akale ankapachika kachidutswa ka mafuta a nkhumba pamwamba pa chiwaya kuti thovu likakakhudza libwerere lokha. Nkhuni zimaponyedwa pafupipafupi, pang'onopang'ono, kuti moto usatsike. Tsiku limene mitengo yadontha kwambiri, kuphika kumafika mbandakucha, ndipo m'pamene ana, azilamu ndi oyandikana nawo amafunika: wina pa nkhuni, wina pa thanki, wina pa mabotolo.

Manyuchi amapsa akamawira pa madigiri pafupifupi 4 pamwamba pa pamene madzi wamba akuwirira tsiku limenelo, nthawi zambiri cha pa 104. Ndanena kuti tsiku limenelo chifukwa madzi sawira pa nambala imodzimodzi masiku onse. Zimatengera kukwera kwa malo ndi mmene mpweya ulili, choncho wophika wosamala amayamba wayeza madzi wamba. Akale ankaviika chipande n'kuchikweza: madzi akamagwa madontho, sanapse, akamatsika ngati kansalu kolendewera m'mphepete mwa chipande, apsa. Lero amatsimikiza ndi kachipangizo koyandama koyezera kukhuthala. Mpata wolakwitsa ndi wochepa kwambiri. Shuga akachepera magawo 66, manyuchi amachita nkhungu kapena kusasa m'botolo. Akapitirira ndi magawo ochepa okha, pansi pa botolo pamaundana timiyala ta shuga. Pali kawerengedwe kakale kochokera ku University of Vermont kamene alimi amaloweza: gawani 86 ndi kuchuluka kwa shuga m'madzi anu. Madzi a magawo 2 amafuna malita 43 pa lita imodzi ya manyuchi, a magawo 3 amafuna 29 okha. Mtengo wotsekemera umapulumutsa nkhuni ndi tulo. Akatsitsa, amasefa manyuchi adakali otentha kuti achotse timchenga ta mchere wa m'nthaka timene timaundana powiritsa, kenako n'kuthira m'zitini kapena m'mabotolo kutentha kusanatsike pansi pa madigiri 80.

Manyuchi a banja limodzi safanana kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Oyambirira, kunja kudakali kozizira, amatuluka owala ngati golide, okoma mofatsa. Kukamafunda, tizilombo tosaoneka ndi maso timachuluka m'timapaipi n'kuphwanya shuga wina kukhala mitundu imene imapsa msanga, ndiye manyuchi amanka nada, fungo likunka likula. Kale akudawa ankaikidwa m'gulu lachiwiri, maganizo otsalira a nthawi imene anthu ankafuna shuga woyera wofanana ndi wa nzimbe. Cha m'ma 2015 America ndi Canada anasintha, ndipo tsopano pali magulu anayi ongotengera mtundu ndi kakomedwe, kuyambira owala kwambiri mpaka akuda bii, popanda lonyozeka. Kunali kukonza chinthu chimene chinalakwika kwa nthawi yaitali, chifukwa ophika ambiri amafuna akudawo pa nyama, pa nyemba ndi pa makeke. Nyengo imatha mitengo ikayamba kutupa timphukira. Madzi amasintha, manyuchi ake amanunkha moipa ndi kuwawa, ndipo mlimi wodzilemekeza amazula timipopi ngakhale madzi akutulukabe.

Ku Quebec kanyumba kophikira kamatchedwa cabane à sucre, ndipo nyengoyi ndi chikondwerero. Anthu a ku Montreal ndi ku Quebec City amapita kumidzi kukadya pa matebulo aatali: msuzi wa nsawawa, nyemba zophikidwa ndi nyama ya nkhumba, mazira, nyama yootcha, zikopa za nkhumba zokazinga mpaka kukhukhuta, zonse zothiridwa manyuchi. Pomaliza amatuluka panja. Manyuchi owiritsidwa mopitirira, kufika cha pa madigiri 113, amathiridwa m'timizere pa chipale choyera, ndipo aliyense amakulunga kamzere kake pa kamtengo kasanalimbe. Manyuchi omwewo akawiritsidwa, kuziziritsidwa ndi kutakasidwa amasanduka phala loyera lopaka pa buledi, ndipo akapitirizidwa pamoto amasanduka shuga wouma wa makolo uja.

Koma kuseri kwa chikondwererochi kuli malonda aakulu, ndipo ali ndi mikangano yake. Alimi a ku Quebec ali ndi bungwe limene linayamba mu 1966, lotchedwa masiku ano Producteurs et productrices acéricoles du Québec. Bungweli limakambirana mitengo yogulitsira ndi ogula, limapereka kota (mlingo wa manyuchi amene akuloledwa kupanga) kwa mlimi aliyense kuyambira 2004, ndipo kuyambira 2000 limasunga manyuchi otsala m'migolo ya malita oposa 200 kuti adzagulitsidwe chaka chimene zokolola zavuta. Nkhokwe yaikulu ili ku Laurierville. Phindu lake linaoneka mu 2021, pamene bungweli linatulutsa makilogalamu pafupifupi 22 miliyoni kuti msika usaume. Kufunika kwa migoloyi kunaonekanso mwa njira ina: pakati pa 2011 ndi 2012 akuba anapopa matani pafupifupi 3,000 m'nyumba yosungiramo ku Saint-Louis-de-Blandford, a ndalama zokwana madola a ku Canada pafupifupi 18 miliyoni. Migolo ina anaidzaza madzi, ina anaisiya yopanda kanthu, ndipo zinadziwika woyendera wina atakwera pa mulu wa migolo n'kupeza kuti wina ukugwedezeka chifukwa chopepuka.

Alimi ena, makamaka a m'chigawo cha Beauce, akhala akulimbana ndi bungweli m'makhoti, ponena kuti munthu sangaletsedwe kugulitsa zokolola za nkhalango yake kwa amene akufuna, komanso kuti ndalama za manyuchi olowa m'nkhokwe zimachedwa kufika. Dandaulo lawo ndi lomveka. Komabe ndikaika pa sikelo, ndimaona kuti banja laling'ono limavutika kwambiri pamene mitengo yogulitsira ikukwera ndi kugwa chaka ndi chaka, ogula akuluakulu ochepa n'kumalamula okha. Ndipo lamulo loti alimi azigulitsa kudzera ku bungwe linasiya khomo lotseguka: mlimi wogulitsa yekha kwa wodya, m'zotengera zazing'ono, sadutsa ku bungwe. Mabanja ambiri amene amanyadira dzina lawo pa chitini amadalira khomo limeneli.

Chikondi cha zakudya ndi zakumwa zopangidwa mwaluso chawathandiza mabanja otere. Alipo amene amasunga manyuchi m'migolo imene munali bourbon, kachasu wa ku America, kuti atenge fungo lake. Ofulula mowa ang'onoang'ono ku Vermont ndi ku Quebec amathira manyuchi akuda m'mowa wawo, ena amafulula ndi madzi a mtengo m'malo mwa madzi wamba. Ku Quebec kuli chakumwa chaukali chotchedwa acerum, chotchezedwa kuchokera ku mapulo okhaokha atasasa. Zonsezi zapatsa msika manyuchi a kumapeto kwa nyengo amene kale ankagulidwa motchipa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi botolo lojambulidwa kanyumba ndi ndowa pomwe m'kati muli zosakaniza za m'fakitale. Manyuchi ambiri otchipa a pa mapankeki ndi shuga wa chimanga wothiridwa utoto ndi fungo, ndipo mulibe dontho la mapulo. Wogula amaganiza kuti walawa chinthu chenicheni, n'kudabwa kuti enawo akudula chifukwa chiyani.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi nyengo. Ntchito yodalira usiku wozizira ndi masana ofunda imagwedezeka msanga kutentha kukasintha pang'ono. Mu Malichi 2012 kunatentha modabwitsa kumpoto chakum'mawa kwa America, ndipo alimi ambiri anatseka nyengo masabata angapo isanakwane. Ku Quebec chaka cha 2022 chinabala zochuluka zedi, 2023 zokolola zinagwa kwambiri mpaka nkhokwe inatsala pang'ono kutha, ndipo 2024 zinakweranso kuposa kale. Akatswiri a ku Proctor Maple Research Center ku Vermont ndi a ku Centre ACER ku Quebec akufufuza njira zothandiza, ndipo alimi ambiri ayamba kuboola msanga, ena mu Januwale, komanso kusamalira mapulo ofiira amene amapirira nyengo zosiyanasiyana ngakhale shuga wake ndi wocheperako. Wa mitengo masauzande ambiri, wokhala ndi mapampu ndi makina, amatha kugwira madzi a masiku ochepa ofunda a mu Januwale. Banja la ndowa 200, limene anthu ake amagwiranso ntchito zina mkati mwa sabata, kawirikawiri limawaphonya.

Amene ali ku London, ku Johannesburg kapena ku Toronto ndipo akufuna kulawa enieni atembenuze botolo n'kuwerenga zimene zili m'kati. Payenera kulembedwa chinthu chimodzi chokha, manyuchi a mapulo, ndi dziko limene achokera. Woyamba kumene angachite bwino kutenga a mtundu wapakati kapena akuda, chifukwa ndi amene fungo lake limamveka bwino pa phala, pa mbatata yootcha kapena mu tiyi. Botolo likatsegulidwa lizikhala m'firiji, popeza mulibe mankhwala oteteza ndipo likasiyidwa pa shelefu limachita nkhungu pamwamba.